Kodi ndingatani kuti wakuba asafufute foni yanga?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa ku Tsangano amene amachita geni ya mbatatesi. Ndaufupikitsa pang'ono.

"Bambo, mwezi wa June anandibera foni pamsika wina mumzinda wa Tete ndikutsitsa matumba m'galimoto. Mwana wanga anaifufuza pa intaneti, inaoneka kamodzi kutsidya kwa Zambezi cha ku Matundo, kenako zii. Anthu anandiuza kuti wakubayo anaifomata, ndingoiwala. Munali manambala a makasitomala anga onse komanso ngongole za anthu zimene ndinkalemba pa WhatsApp. Pano ndagula ina ya Android, ndipo yandidyera ndalama ya matumba angapo. Mphwanga akuti pali pulogalamu yoikamo kuti wakuba asathe kuizimitsa kapena kuifufuta. Kodi n'zoona? Ndiikemo iti? Sindikufuna kulira kawiri."

Pepani kwambiri, mayi. Munthu akamatsitsa katundu maso amakhala pa matumba ndi pa anyamata onyamula, ndipo akuba mafoni amaidziwa bwino nthawi imeneyo, choncho musadzione ngati munachita chibwana. Ine ndakhala pa tebulo lokonzera mafoni kuno ku Ulongué zaka zopitirira 10, ndipo sabata siitha osafika munthu wa nkhani ngati yanuyi. Mwachita bwino kufunsa foni idakali m'manja mwanu. Ambiri amabwera itapita kale, ndipo pamenepo zimene ndingawachitire zimakhala zochepa.

Ndiyambe ndi zimene akunena mphwanuzo, ndipo sindipita m'mbali. Palibe pulogalamu imene mungaike m'foni n'kumuletseratu wakuba kuifufuta. Foni ya Android ili ndi khomo lakuseri limene opanga anasiyira ife okonza. Ukaizimitsa n'kudina mabatani a m'mbali pamodzi, pamatuluka kamndandanda ka zilembo zing'onozing'ono, ndipo pamenepo pali lamulo lofufuta zonse. Nthawi imeneyo foni imakhala isanadzutse mapulogalamu amene mwini wake anaikamo, ndiye mlonda wanuyo amakhala ali mtulo. Mapulogalamuwo ndimawadziwa. Ena amadetsa sikirini kuti wakuba aganize kuti foni yazima, ena amajambula nkhope ya amene walakwitsa PIN. Angapusitse kamwana kotola foni panjira, koma wozolowera ntchito yake amakhala atachotsa SIM khadi asanakhote n'komwe pakona. Komanso mapulogalamu oterewa amapempha chilolezo choona chilichonse, mauthenga, kamera, malo amene muli. Mukaitenga kwa mnyamata wa pamsika amene wangokutumizirani kuchokera m'foni yake, ndiye kuti mwagoneka m'nyumba mlonda amene simukudziwa kwawo.

Komabe kufufuta foni sikutanthauza kuti wakuba wamaliza ntchito. Kuyambira mu 2015, pamene kunatuluka Android 5.1, Google inaika chitetezo chimene ife timangochitchula kuti FRP. Ngati m'foni muli akaunti ya Google komanso loko wa pasikirini, munthu n'kuifufuta podzera khomo lakuseri lija, ikayaka imaoneka ngati yachokera kumene m'sitolo. Imafunsa chilankhulo, imafunsa Wi-Fi, kenako imaima n'kunena kuti lembani PIN yakale kapena akaunti ya Google imene inali muno. Popanda zimenezo siisuntha. Sungacheze nayo pa WhatsApp, sungaikemo nyimbo, ndipo wogula wanzeru akaona pamenepo amabweza. A iPhone anali nacho kale chitetezo chofanana nacho, Activation Lock, kuyambira mu 2013.

Chaka chatha kunabwera mnyamata wina ndi foni yabwino ndithu itaima pa tsamba limenelo. Anati ndi ya azakhali ake, aiwala pasiwedi. Ndinamuuza kuti palibe vuto, abwere nawo azakhaliwo kapena abweretse bokosi la foniyo. Anaitenga msangamsanga n'kunena kuti akukawaitana. Mpaka lero akuwaitanabe.

Ndiye ntchito yanu yaikulu ili pa akauntiyo, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu akwathu kuno amagwera. Mukagula foni, wogulitsa amati dikirani ndikutsegulireni kuti muzipita ikugwira ntchito. Amalemba dzina la akaunti la m'mutu mwake, pasiwedi ya m'mutu mwake, mwinanso nambala yobwezeretsera akaunti n'kuikapo yake. Inu mukunyamuka mukumwetulira poti WhatsApp ikulowa. Foni mwalipira ndinu, koma kiyi watsala ndi munthu amene mawa sadzakukumbukani nkhope. Aphunzitsi ena a ku Dómuè anabwera pano atagwira mutu. Mdzukulu wawo anasokoneza pateni, kamzere kojambula ndi chala potsegula foni, mnansi wofuna kuthandiza anaifomata, ndipo chitetezo chija chinawatsekera panja eni ake enieni. Anakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Tete kukafunafuna mnyamata amene anawatsegulira akaunti, n'kupeza kuti anasiya ntchito kalekale. Chitetezocho sichidziwa nkhope ya munthu, chimangofuna akaunti.

Akaunti ya foni yakale ija zikuoneka kuti mwana wanu akuidziwa, popeza anatha kuiona pamapu. Nanga ya foni yatsopanoyi anatsegula ndani? Simunanene. Yesani lero lomwe, osati mawa. Bwerekani foni ya mwana wanu, tsegulani google.com/android/find, lembani akaunti yanu ndi pasiwedi yake nokha, iye asakugwireni dzanja. Mukalowa n'kuiona foni yanu, dinani pamene akuti ilire. Imalira mokweza mpaka mphindi 5 ngakhale mutaitseka mawu. Ntchito imeneyi inayamba mu 2013 ikutchedwa Android Device Manager, kenako inakhala Find My Device, ndipo mu 2025 anaipatsa dzina loti Find Hub, choncho musadabwe mukapeza dzina losiyana ndi limene mnzanu akuona. Ikalira, dziwani kuti theka la nkhawa yanu latha. Ikakanika, konzani pano pamene foni ili yotsegula m'manja mwanu. Sinthani pasiwediyo, kapena tsegulani akaunti yanuyanu, muiike m'foni, musamutsiremo manambala, kenako muchotse ya wogulitsa ija. Dzina la akaunti ndi pasiwedi mulembe papepala lokhala kunyumba, pamodzi ndi mapepala a munda ndi a ana. M'foni momwemo ayi.

Pali kamsampha kena pomwepa. Mukamalowa mu akaunti yanu pa foni yachilendo, Google imatha kufuna umboni woti ndinudi, ndiye imatumiza nambala yotsimikizira ku foni yanu, foni yomwe ili m'thumba la wakuba ija. Ndaonapo anthu akudziwa pasiwedi bwinobwino koma n'kulephera kulowa chifukwa cha zimenezi. Mankhwala ake alipo awiri. Mu akauntiyo ikanimonso nambala ya munthu wina amene mumamudalira, bambo a kunyumba kapena mwana wamkulu, kuti ikhale yobwezeretsera. Ndipo ngati munayatsa zotsimikizira kawiri, Google imapereka manambala 10 osungira tsiku latsoka, iliyonse ya madijiti 8, iliyonse yogwira ntchito kamodzi kokha. Alembeni papepala lomwe lija.

Tsopano loko wa pasikirini. FRP imagwira munthu wolowera kuseri. Amene akudziwa PIN yanu amalowera kumaso, n'kuchotsa akaunti yanu mwaulemu ngati mwini wake, n'kufufuta foni, ndipo ikayaka siimufunsa kanthu. N'chifukwa chake ndimadana ndi pateni. Ndikalandira foni yoti ndikonze, nthawi zambiri sindifunsa n'komwe. Ndimangoipendeketsa padzuwa, mafuta a chala amaonetsa njira yonse, ndipo kawirikawiri imakhala L kapena Z. Ganiziraninso mu chapa yochokera ku Tete, mwapanikizana, wa kumbuyo chibwano chili paphewa lanu, inu mukujambula L wanuyo kakhumi musanafike ku Moatize. Wakuba wina amayamba waba ndi maso, manja amabwera pambuyo.

Ikani PIN ya madijiti 6. Isakhale chaka chanu chobadwa, isakhale 123456, isakhale mapeto a nambala yanu ya foni, ndipo isafanane ndi ya M-Pesa kapena e-Mola. Pagulu muzitsegula ndi chala kuti PIN isamaonekere. Ndikudziwa kuti manja ogwira mbatatesi amakhala ndi dothi ndipo foni imatha kukana chala, ndiye lembetsani zala ziwiri, china cha dzanja lamanzere, ndipo muzipukuta pachitenje musanagwire. Sikirini izidzitseka yokha pakatha masekondi 30. Za ana oonera makatuni pafoni ya mayi awo sindinena zambiri, inenso ndili nawo, koma PIN yodziwika kwa ana atatu imakhala yodziwikanso kwa anzawo a kusukulu.

Choopsa kwenikweni ndi kutsomphoredwa foni ili yotsegula, mwina mukuwerengera kasitomala mtengo, wa panjinga yamoto n'kungoti tsomphu. Pa vuto limeneli Google inatulutsa zinthu zitatu mu 2024 za mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo, ndipo anayamba kuziyesera ku Brazil. Choyamba chimamva kugwedezeka kwa foni ikalandidwa mwamphamvu munthu n'kuthamanga nayo, ndiye chimatseka sikirini chokha. Chachiwiri chimatseka sikirini foni ikachotsedwa pa intaneti kwa kanthawi, monga wakuba amachitira pofuna kuti musaione pamapu. Kwanu kumapiriko, kumene netiweki imabwera n'kupita, chachiwirichi chizikutsekerani nthawi zina popanda wakuba aliyense, koma n'kungotsegulanso basi. Chachitatu chimakulolani kutseka foni muli patali pa android.com/lock pongolemba nambala yanu ya foni, zimene zimathandiza mutu utasokonezeka, pasiwedi itathawa. Zonsezi muyenera kuziyatsa nokha foni isanabedwe. Lowani mu Definições, kapena Settings ngati foni yanu ili m'Chingerezi, ndipo posakira lembani mawu oti roubo kapena theft. Mukapanda kupeza kanthu, mwina foni yanu ndi ya Android Go, mtundu wopepuka umene umabwera m'mafoni otsika mtengo, umene zina mwa izi mulibe. Musadandaule nazo, FRP ndi PIN yolimba zilipobe. A Samsung ali ndi kenanso, koletsa munthu kuzimitsa data ndi Wi-Fi sikirini ili yotseka. Yatsani ngati yanu ndi imeneyo. Sikaletsa kuchotsa SIM khadi, koma kamamuchedwetsa wakuba.

Kwa inu a geni, mayi, chimene ndimaopa kuposa foniyo ndi laini yanu. Foni ikhoza kukhala yotseka ngati sefa ya kubanki, koma wakuba akachotsa SIM khadi n'kuiika m'kafoni ka mabatani, nambala yanu yakhala yake. Mauthenga a kubanki afikira iye. Nambala yotsimikizira WhatsApp ifikira iye, ndipo madzulo omwewo achemwali anu a ku Lilongwe alandira uthenga woti ndili pamavuto ku Tete, nditumizireni ndalama pa nambala iyi. Anthu ambiri sadziwa kuti SIM khadi nayonso ili ndi loko wake. Mukamuyatsa, khadiyo ikaikidwa m'foni ina iliyonse imafunsa PIN isanagwire netiweki. PIN yoyambira ndi nambala ina yotchedwa PUK kawirikawiri zimalembedwa pa kapulasitiki kamene munathyolapo SIM khadi pogula. Ngati munakataya, kafunseni kusitolo ya kampani yanu, kaya ndi Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ndipo musamalote. Mukalakwitsa katatu khadi imatseka n'kufuna PUK ya madijiti 8, ndipo mukalakwitsa PUK maulendo 10 khadiyo yafa. Mukayatsa lokoyo sinthani PIN yoyambirayo. Chovuta chake n'chimodzi chokha, kuti foni ikazima chifukwa cha batire, poyatsa muzilemba ma PIN awiri. Kwa munthu amene ndalama ya matumba 30 imadutsa pa laini yake, ine ndikuona kuti limenelo si vuto.

Ndikupempheninso kuti mutembenuze foni yanu muone kumbuyo. Mafoni ambiri amene amafika pa tebulo langa, ndikavula kava ndimapeza chiphaso cha boma (BI) cha mwini wake, ka 100 metikali kopinda ka tsiku lamavuto, nthawi zina ndi kapepala ka manambala. Pa BI pali dzina lonse ndi tsiku lobadwa, ndipo ngati PIN ya ndalama ndi chaka chobadwa, mwamupatsa wakuba nyumba ndi kiyi womwe. Chiphaso chizikhala kwina. Pa WhatsApp yatsani zotsimikizira kawiri, ndi PIN ina ya madijiti 6 imene munthu amafunsidwa akafuna kutsegula nambala yanu pa foni ina. Ndipo konzani kuti mauthenga akamalowa sikirini ili yotseka, mawu ake asamaoneke.

Tibwerere ku foni yakale ija, chifukwa mwina simunataye zonse monga mukuganizira. Mafoni amene anatuluka ndi Android 10 kupita m'tsogolo amasunga zonse za mkati mobisa, moti popanda PIN sizingawerengeke. Wakuba akafomata amawononga kiyi wowerengera zinthuzo. Ndiye ngati inali ndi loko ndipo anaifomatadi, zithunzi zanu ndi nkhani zanu sanazione. Chimene sichitetezedwa chotero ndi memori khadi, chifukwa nthawi zambiri munthu amangoisolola n'kukaiwerenga kwina. Musamasungemo zithunzi za ziphaso kapena zina zimene simungafune kuti mlendo aone.

Za manambala a makasitomala, muuzeni mwana wanu alowe mu akaunti yakale ija pa contacts.google.com. Ngati munkawasunga mu akaunti, osati m'foni mokha kapena mu SIM khadi, muwapeza ali phee. Ngongole za pa WhatsApp n'zovutirapo. Zimabwerera pokhapokha ngati foni yakale inkatumiza kope la mauthenga ku Google Drive, ndipo zimafuna nambala yomweyo ndi akaunti yomweyo, pa nthawi yoika WhatsApp koyamba. Ngati foni yatsopanoyi ili pa akaunti yomweyo, kope latsopano likhoza kukhala litalowa kale m'malo mwa lakale. Apa musagwiregwire nokha, ndipo musachedwe, chifukwa kope lokhalitsa osagwiritsidwa ntchito limatha kufufutidwa. Pitani kwa munthu wodziwa aone kaye tsiku la kope limene lilipo asanachotse kalikonse. M'foni yatsopanoyi manambala onse azipita ku akaunti, ndipo WhatsApp izitumiza kope mwina kamodzi pa sabata, popanda mavidiyo kuti isakumalizireni mamega. Koma ngongole, mayi, muzilembanso m'kabuku. Amayi anga ankagulitsa nyemba zaka zambiri ndi kope la sukulu lokhala m'basiketi, ndipo palibe anawabera kopelo chifukwa silikanagulitsika.

Tsoka likadzabweranso, Mulungu aletse, muyambe ndi kutseka. Bwerekani foni kwa mnzanu wa pafupi, tsekani yanu pa android.com/lock kapena kudzera mu akaunti. Ngati yachotsedwa kale pa intaneti, lamulolo limadikira mpaka italumikizidwanso. Kenako tsekani laini, poimbira kampani kapena kupita kusitolo yawo ndi BI, ndipo komweko mupemphe segunda via, khadi ina ya nambala yomweyo. Ngati nambalayo ndi yolumikizidwa ndi banki, auzeni tsiku lomwelo. Ena amazengereza kutseka laini poti akufuna foni ipitirize kuoneka pamapu. Ine ndimati tsekani, chifukwa khadiyo wakuba aichotsa ndithu, ndipo ola lililonse limene ili moyo ndi ola loti akubereni kachiwiri. Khadi yatsopano ikangogwira, tsegulani WhatsApp pa foni ina, ndipo ya m'foni yobedwayo imatuluka yokha. Uzani abale ndi makasitomala kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolankhula m'dzina lanu, kenako sinthani pasiwedi ya Google ndi ya Facebook.

Pali batani lofufutira foni muli patali. Limenelo likhale lomaliza, mukaona kuti chiyembekezo chatha kapena kuti foniyo inatengedwa yotsegula. Mukalidina simudzaionanso pamapu, koma chitetezo chija chimatsalabe, ndipo idzafunsabe akaunti yanu. Amene muli ndi iPhone, mukafufuta musaichotse pa mndandanda wa zipangizo za akaunti yanu, chifukwa kutero n'kumumasulira wakuba Activation Lock ndi manja anu. Yatsaninso Stolen Device Protection, imene inabwera ndi iOS 17.3 mu January 2024. Imafuna nkhope kapena chala, ndiponso kudikira ola lathunthu, munthu akafuna kusintha pasiwedi ali kutali ndi malo amene mumakhala.

Patapita masiku angapo mukhoza kulandira uthenga wooneka ngati wochokera ku Google kapena Apple, woti foni yanu yapezeka, dinani apa mulembe pasiwedi kuti muone pamene ili. Kapena wina kuimba mwaulemu kwambiri kuti waitola, mungomuuza PIN kuti atsimikize kuti ndinu eni ake. Ameneyo ndi wakuba yemweyo, foni yamukanika ndiye wabwerera kudzapempha kiyi. Munthu woitola moona mtima sasowa PIN kuti akubwezereni.

Mapu nawonso asakunamizeni kuti mupite nokha. Kadontho kamene munaona ku Matundo kakhoza kuphimba nyumba zambiri, ndipo simukudziwa kuti mukapezako anthu angati, atanyamula chiyani. Jambulani zimene mapu akuonetsa mupite nazo kupolisi pamodzi ndi nambala ya IMEI. Imeneyi ndi nambala ya foni yeniyeniyo, ya madijiti 15, ndipo siisintha foni ikafomatidwa. Imbani *#06# muiona, ndipo ilinso pa bokosi. Mafoni a malaini awiri amakhala nazo ziwiri, lembani zonse. Funsaninso kampani ya laini ngati ingatseke foniyo pogwiritsa ntchito IMEI. Koma tisanamizane, ife timakhala m'malire. Foni yobedwa m'mawa ku Tete ikhoza kufika ku Zóbuè kapena ku Calómuè dzuwa lisanalowe, ndipo inu a ku Tsangano mukudziwa kuti ku Biri-Biri kapena ku Lizulu kuwoloka msewu ndiye kuti walowa m'dziko lina. Kutseka IMEI kumagwira pa makampani okhawo amene amagawana mndandanda wa mafoni obedwa. Phindu lake lalikulu ndi umboni. Apolisi akagwira munthu ndi thumba la mafoni, amene amatenga yake ndi amene wabwera ndi bokosi, lisiti ndi pepala la kupolisi. Bokosi la foni yatsopanoyi musapatse ana kuti apangire galimoto.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti FRP siithyoka. Alipo anzathu ena pa ntchito ino amene amafulasha mafoni, kutanthauza kuwaikamo pulogalamu yoyendetsa foni mwatsopano, osafunsa mafunso, ndipo mafoni akale amene sanalandirepo zokonza zatsopano ndiwo amagonja msanga. Mabowo amene iwo amalowera, opanga mafoni amawatseka kudzera mu zokonza zimene foni imakupemphani kuti mutsitse, zomwe ambirife timangodina kuti mawa chifukwa choumira mamega. Android 15 inalimbitsanso chitetezo chimenechi. Ndiye foni ikapempha, ipatseni, ngakhale podikira tsiku limene mwafika pamalo a Wi-Fi. Ndipo ngakhale itawakanika, akhoza kuiphwasula n'kugulitsa sikirini ndi batire. Pamenepo inu mwataya foni, zoona, koma ndalama, makasitomala ndi dzina lanu zatsala ndi inu. N'chifukwa chakenso ndimauza aliyense wogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito kuti wogulitsayo aifufute pamaso pake, ndipo aiyatse mpaka ifike pa sikirini yaikulu ndalama isanatuluke m'chikwama.

Zambiri mwa izi mungathe kuchita ndi mwana wanu madzulo amodzi, tiyi ali pamoto. Kwa wokonza mafoni mupite ngati pasiwedi ya akaunti yakukanikani, ngati simukudziwa kuti nambala yobwezeretsera ndi ya ndani, kapena pa nkhani ya ngongole za pa WhatsApp ija. Sankhani wa malo odziwika, amene mungamupezenso mwezi wamawa. Khalani pomwepo akamagwira ntchito, PIN ndi pasiwedi muzilemba nokha, ndipo ngati munamuuza PIN, muisinthe mukangochoka. Mukaona ndalama yachoka mu M-Pesa, e-Mola kapena kubanki inu osadziwa, imeneyo si ya wokonza mafoni ayi, thamangirani kukampaniyo ndi kupolisi tsiku lomwelo. Mukadzadutsa kuno ku Ulongué ndi katundu, bwerani ndi foniyo, bokosi lake ndi kapulasitiki ka SIM khadi kaja ngati mukadali nako, ndipo mwana amene anafufuza foni yakale uja mubwere naye, chifukwa pasiwedi ya akaunti yakaleyo ili m'mutu mwake.